Makalata amene sanafike kwa eni ake

Pa 3 Sepitembala 1864, nkhondo yapachiweniweni ya ku America ili mkati, bambo Spotswood Rice anali gone m'chipatala cha asilikali ku Benton Barracks, mumzinda wa St. Louis m'chigawo cha Missouri, akudwala nyamakazi. Bambowa anakulira paukapolo akugwira ntchito ya fodya, ndipo kumayambiriro kwa chaka chomwecho anachoka kwa mbuye wawo n'kulowa usilikali m'gulu la anthu akuda. Ali chigonere choncho analembera kalata ana awo awiri aakazi, Mary ndi Cora, amene anali adakali akapolo m'tauni ya Glasgow, kuwauza kuti sanawaiwale, kuti akufunitsitsa kuwaona, ndiponso kuti alimbe mtima chifukwa adzabwera kudzawatenga ngakhale zitatengera moyo wawo. Tsiku lomwelo analembanso kalata ina yopita kwa mayi Kitty Diggs, amene ankati Mary ndi katundu wawo. M'kalata yachiwiriyi munalibe kupepesa kapena kunyengerera kulikonse. Bambo Rice anawakumbutsa mayiwo kuti nthawi ina anafuna kupereka madola 40 kuti awombole mwana wawo wobereka okha, ndipo anati tsopano akuthokoza kuti ndalamazo zinakanidwa, popeza mwanayo ndi wawo ndipo ndi Mulungu amene anawapatsa.

Makalata awiriwa anagwera m'manja mwa mchimwene wa mayi Diggs, amene anapsa mtima kwambiri n'kuwatumiza kwa mkulu wa asilikali m'deralo, a William Rosecrans, podandaula za chipongwe cha munthu wakudayo. Akalaliki a asilikali anawasunga m'fayilo monga amasungira dandaulo lililonse, ndipo fayiloyo inakathera ku National Archives, nkhokwe ya boma la America yosungira zolembedwa zakale. Apa m'pamene pali mfundo imene ndikufuna kuikirapo kumbuyo. Mawu a bambo Rice tili nawo lero chifukwa chakuti kalata yawo inasokonezedwa panjira. Ikanafika kwa Mary, mwina akanaibisa m'nsalu, n'kuiwerenga mobisa mpaka itang'ambika m'mapindiro, kenaka n'kutha monga zimathera zinthu za amphawi. Choncho aliyense wowerenga makalata akale a ku America, kaya ndi a m'banja, a ana asukulu kapena a zandale, ayenera kuyamba wadzifunsa kuti anasunga pepalali ndani ndipo analisungiranji, asanayambe kusirira kukoma kwa mawu ake.

Makalata otchuka kwambiri m'mbiri ya dzikolo ndi a John Adams, amene anadzakhala mtsogoleri wachiwiri wa America, ndi akazi awo mayi Abigail. Awiriwa analemberana makalata oposa 1,100 kuyambira m'chaka cha 1762 ali pachibwenzi mpaka mu 1801, chifukwa ntchito yandale inkawalekanitsa kwa miyezi ndi zaka, bambo ali ku Philadelphia kapena kutsidya kwa nyanja ku Paris ndi ku Amsterdam, mayi ali pamunda ku Braintree m'chigawo cha Massachusetts akulera ana ndi kuyang'anira ulimi. Ndimawakonda makalata amenewa, ndipo sindikuchita manyazi kunena choncho. Mu Juni 1775 mayi Abigail anakwera kaphiri ndi mwana wawo John Quincy, wa zaka 7, n'kumaonera utsi wa nkhondo yolimbana ndi Angerezi ya ku Bunker Hill, ndipo m'nyengo yomweyo analembera amuna awo kuwapempha kuti awagulire mtokoma wa mapini ku Philadelphia chifukwa kwawoko anali atasowa ndi kukwera mtengo. Chaka chomwecho mliri wa kamwazi unalowa m'nyumba mwawo ndipo unatenga mayi awo owabereka. Mu Julaye 1776, mwezi umene America inalengeza ufulu wodzilamulira, iwo anali ku Boston ndi ana onse akulandira katemera wa nthomba wa masiku amenewo, woika mafinya a wodwala pabala lochita kucheka. Mu Julaye 1777 analemba kalata matenda a uchembere atayamba kale, akupumira pakati zowawa zikafika, ndipo mwana wamkazi amene anabadwayo anabadwa atafa kale. Mabuku a mbiri amatiuza za misonkhano ndi zikalata zosainidwa, koma m'makalatawa ndi mmene munthu amaona kuti ufulu wa dziko unadya chiyani m'nyumba imodzi.

Muli ndalenso m'makalata a mayiwa, ndipo ndi ndale zolimba kuposa za amuna ambiri a nthawi yawo. Mu Sepitembala 1774 analemba kuti amalakalaka mukanapanda kukhala kapolo ndi mmodzi yemwe m'chigawo chawo, popeza ankaona kuti ndi chinthu choipa kumenyera ufulu umene iwo eni akulanda tsiku ndi tsiku kwa anthu oyenera ufulu womwewo. Pa 31 Malichi 1776 anapempha amuna awo kuti polemba malamulo atsopano akumbukire amayi, asaike mphamvu zopanda malire m'manja mwa amuna apabanja. Pa 14 Epulo a Adams anayankha kuti pempho limenelo likungowaseketsa. Amayi a ku America anadzapatsidwa ufulu woponya voti m'dziko lonse mu 1920, patapita zaka 144. Kuseka kwa a Adams kukanakhala kwa pakamwa, mphepo ikanakuulutsa madzulo omwewo, koma popeza kunalembedwa, tili nako mpaka lero, ndipo palibe wolemba mbiri amene anganene kuti nkhani ya ufulu wa amayi inali isanaganiziridwe m'masiku amenewo.

Komabe tiyenera kuona chimene chinapulumutsa mapepala amenewa. Banja la Adams linali ndi nyumba yokhazikika imene mibadwo inalowezana mmenemo, linali ndi ndalama zogulira mapepala ndi inki, ndipo linkadziwa kuti likulemba mbiri. A John Adams anagula buku lokoperamo makalata awo mu 1776 ndipo ankalimbikitsa akazi awo kusunga zonse, ngakhale kuti mayiwo kangapo konse anapempha kuti makalata awo atenthedwe chifukwa ankadziona ngati osaphunzira. Mu 1840 mdzukulu wawo, Charles Francis Adams, anasindikiza makalata a agogo ake aakazi, atakonza kalembedwe ka mawu ndi kuchotsamo zina zimene ankaona kuti ndi zakuchipinda. Mu 1956 banjali linapereka mapepala ake ku Massachusetts Historical Society ku Boston, kumene akatswiri akhala akuwasanthula ndi kuwasindikiza mpaka lero. Mabanja ena apamwamba anasankha njira ina. Mayi Martha Washington anatentha pafupifupi makalata onse amene analemberana ndi amuna awo a George Washington, mtsogoleri woyamba wa America, moti otsala ndi owerengeka pazala, ndipo a Thomas Jefferson, mtsogoleri wachitatu, nawonso anawononga makalata a pakati pa iwo ndi akazi awo. Kusunga ndi kutentha zikuoneka ngati zinthu zotsutsana, koma gwero lake ndi limodzi, lomwe ndi mphamvu yosankha zimene dziko lidzadziwe za iwe ukadzapita. Mphamvu imeneyi anali nayo ndi anthu ochepa.

Kwa munthu wamba, ngakhale mzungu, kalata inali chinthu chodula. Chaka cha 1845 chisanafike, kutumiza pepala limodzi mtunda woposa mamailosi 400 kunkadya masenti 25, ndalama imene kwa waganyu inali gawo lalikulu la malipiro a tsiku lonse, ndipo kawirikawiri wolipira anali wolandira kalatayo. N'chifukwa chake m'makalata ambiri a nthawiyo wolemba akadzaza pepala ankalitembenuza cham'mbali n'kulembanso mopingasa pamwamba pa mizere yoyamba, kuti lisakhale mapepala awiri. Mitengo inatsika mu 1845, masitampa a boma anayamba mu 1847, ndipo pofika 1851 masenti atatu ankakwanira kufikitsa kalata kutali kwambiri. Koma kwa anthu pafupifupi 4 miliyoni amene anali paukapolo pofika 1860, vuto silinali mtengo wa sitampa. Chigawo cha South Carolina chinaletsa kuphunzitsa akapolo kulemba kuyambira mu 1740, ndipo m'zaka za m'ma 1830 zigawo zina zakumwera zinakhwimitsa malamulo otere. Eni akapolo ankadziwa bwino kuti munthu wodziwa kulemba atha kudzilembera chiphaso choyendera, ndiponso atha kuuza anthu akutali zimene zikuchitika kuseri kwa nyumba ya bwana.

Ngakhale zinali choncho, ena analemba. Pa 8 Okutobala 1852 mayi Maria Perkins a ku Charlottesville, m'chigawo cha Virginia, analembera amuna awo a Richard, amene anali kapolo wa munthu wina kudera lina, kuwadziwitsa kuti mbuye wawo wagulitsa mwana wawo Albert kwa wamalonda tsiku la khoti, ndipo kuti iwonso pamodzi ndi mwana winayo ali pamalonda. Anapempha amuna awowo kuti alankhule msanga ndi mbuye wawo kapena dokotala wina wodziwika kwa iwo kuti mmodzi wa awiriwa awagule, chifukwa sankafuna kugwera m'manja mwa wamalonda wotengera anthu kutali. Chimene chimandigwira mtima kwambiri m'kalata imeneyi ndi chakuti pakati pa tsoka lalikulu chonchi mayiwa akudandaulanso za timakatundu tawo timene tinali tobalalika m'malo osiyanasiyana, tina tili ku Staunton, kuti tidzatha bwanji iwo akagulitsidwa. Munthu amene lamulo linkamuwerengera pamodzi ndi ng'ombe anali ndi tinthu take timene ankatitcha take. Kalatayi ili ku yunivesite ya Yale, pakati pa mapepala amene anasonkhanitsa a Ulrich B. Phillips, wolemba mbiri amene ankaphunzitsa kuti ukapolo wa kumwera unali wofatsa.

Makalata a mayi Harriet Newby nawo anapulumuka kudzera m'manja mwa adani. Mu 1859 mayiwa, ali paukapolo ku Virginia pamodzi ndi ana awo, analembera amuna awo a Dangerfield Newby, amene anali mfulu, kuwachonderera kuti abwere msanga adzawagule, chifukwa mbuye wawo anali pamavuto a ndalama ndipo akachedwa adzagulidwa ndi wina. A Newby anasonkhanitsa ndalama koma malondawo sanatheke, ndipo mu Okutobala chaka chomwecho analowa m'gulu la John Brown, mzungu wolimbana ndi ukapolo, ndipo gululo linaukira nkhokwe ya zida ku Harpers Ferry. Iwo ndiwo anali oyamba kuphedwa m'gululo. Makalata a akazi awo anatengedwa pamodzi ndi mapepala ena olandidwa, ndipo boma la Virginia linawasindikiza ngati umboni wa chiwembu. Boma limene linkateteza malonda a anthu ndi lomwe linatisungira, mosadziwa, yankho la funso lakuti chinamutuma mwamuna ameneyu kunyamula mfuti n'chiyani. Mayi Harriet anagulitsidwa kupita ku Louisiana.

Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, ndipo pa 25 Ogasiti 1864 mayi Annie Davis a ku Bel Air m'chigawo cha Maryland analembera mtsogoleri wa dziko, a Abraham Lincoln, kalata ya mizere yochepa chabe. Anati akufuna kukhala mfulu kuti akaone abale awo kutsidya la kum'mawa kwa chigawocho, koma dona wawo akuwakaniza, ndiye akupempha kuti awauze ngati anthu amasulidwadi ndiponso chimene iwo angachite. Funsoli linali lolunjika pamalo pamene panali bala, chifukwa chikalata chomasula akapolo chimene chinayamba kugwira ntchito pa 1 Januwale 1863 chinakhudza zigawo zoukira zokha, ndipo Maryland ndi Missouri, zimene zinatsala kumbali ya boma, sizinali m'gulumo. Ukapolo ku Maryland unatha pa 1 Novembala 1864. Kalata ya mayi Davis inakathera m'mafayilo a unduna wa zankhondo. Ana a sukulu ambiri ku America amadziwa za Grace Bedell, mtsikana wa zaka 11 wa ku Westfield, New York, amene mu Okutobala 1860 analangiza a Lincoln kuti asunge ndevu ndipo anayankhidwa pasanathe sabata. Nkhani ya Grace ndi yokoma ndipo ndi yoona, koma ndikuona kuti dziko limene limaloweza kalata ya ndevu kuposa kalata yofunsa ngati munthu ali mfulu lasankha kukumbukira zomwe sizilipweteka.

Makalata a akuluakulu andale amafuna kusamala kwa mtundu wina, chifukwa olembawo ankadziwa kuti tidzawawerenga. A Jefferson analemba makalata pafupifupi 19,000 m'moyo wawo, ankasunga kaundula wa kalata iliyonse yolowa ndi yotuluka, ndipo ankagwiritsa ntchito chipangizo cha zolembera ziwiri zolumikizana chimene chinkakopera kalata pamene iwo akulemba. Atayanjananso ndi a John Adams mu 1812, patatha zaka zambiri za udani wochokera ku chisankho cha 1800, awiriwa analemberana makalata 158 mpaka pamene onse anamwalira tsiku limodzi, pa 4 Julaye 1826. A Adams ananena mu 1813 kuti awiriwa sayenera kufa asanafotokozerane zakukhosi, ndipo n'zosangalatsa kuona nkhalamba ziwiri zimene zinanyozana pagulu zikukambirana za chipembedzo, ukalamba ndi maliro a okondedwa awo. Koma taonani makalata ena awiri a Jefferson yemweyo. Mu Ogasiti 1791 a Benjamin Banneker, munthu wakuda wobadwa mfulu ku Maryland amene anadziphunzitsa yekha masamu a zakuthambo, anawatumizira ntchito yawo pamodzi ndi kalata yowafunsa kuti zikutheka bwanji kuti munthu amene analemba kuti anthu onse analengedwa ofanana akhale akusunga abale awo paukapolo. A Jefferson anayankha mwaulemu, kunena kuti palibe wofunitsitsa kuposa iwo kuona umboni wa nzeru za anthu akuda. Mu 1809, a Banneker atamwalira, a Jefferson analembera mnzawo a Joel Barlow kuti nzeru za munthu uja zinali wamba ndipo akukayikira kuti anachita kuthandizidwa ndi mzungu woyandikana naye. Wowerenga kalata yoyamba yokha adzatuluka ndi Jefferson wina, ndipo wowerenga zonse ziwiri adzakumana ndi munthu amene m'moyo wake anasunga akapolo oposa 600.

Kuti kalata siinena zonse ndinaphunzira ndisanamve n'komwe dzina la Jefferson. Ndili kusukulu ya pulayimale ndinkaitanidwa ndi agogo ena a m'mudzi mwathu kuti ndiwalembere kalata yopita kwa mwana wawo amene anali ku Joni. Tinkakhala pakhonde, ine nditatsamiritsa pepala lothothola m'kope pa bondo, iwo akusenda mtedza uku akunena mawu. Nthawi zonse ankayamba ndi kufunsa za moyo, kenaka n'kunena kuti, "Umuuze kuti kuno tonse tili bwino." Tsiku lina mdzukulu wawo anali gone pamphasa pafupi nafe akutsokomola, nkhokwe itayamba kale kuonetsa pansi, ndipo ine ndinafunsa ngati ndilembe za matendawo. Anasiya kusenda n'kundiyang'ana, nati, "Iyayi mwanawe, zimenezo usalembe, angaleke kudya kuchilendoko." Kuyambira pamenepo ndikaona mawu akuti tili bwino m'kalata yakale, ndimafuna kudziwa amene anali gone pamphasa.

Makalata a ana asukulu ndi amene amafuna kuwerenga kotereku kuposa ena onse. Mu 1879 msilikali wina, a Richard Henry Pratt, anatsegula sukulu yogonera komweko ku Carlisle m'chigawo cha Pennsylvania, ya ana a mitundu ya eni nthaka a ku America, ndi cholinga chowachotsa m'chikhalidwe chawo. Ana oyamba anachokera kwa Alakota a ku Rosebud ndi ku Pine Ridge, ulendo wa masiku angapo pasitima. Atafika anametedwa tsitsi, anapatsidwa mayina achizungu, ndipo analetsedwa kulankhula zinenero zawo. Makalata opita kwawo ankalembedwa m'kalasi, m'Chingerezi, aphunzitsi akuona, ndipo ena okoma ankasindikizidwa m'nyuzipepala ya sukuluyo kuti anthu opereka thandizo aone zipatso za ndalama zawo. Mwana akalemba m'kalata yotere kuti akusangalala ndipo akuphunzira kukhala munthu wotukuka, kodi akulankhula ndi mwanayo kapena ndi mphunzitsi woima kumbuyo kwake? Yankho lina lili kumanda a pasukulupo, kumene kunaikidwa ana oposa 180 sukuluyo isanatsekedwe mu 1918. Mu Disembala 1880 kunamwalira Ernest, mwana wa mfumu White Thunder, ndi Maud, mwana wa mfumu Swift Bear, ndipo makolo anapempha kuti mitembo ya ana awo ibwezedwe kwawo, koma pempholo silinamveke. Akuluakulu anati mlandu suwola. Mu Julaye 2021 mafupa a ana 9 a ku Rosebud, kuphatikizapo awiriwa, anafukulidwa n'kubwerera kwawo, ndipo mapepala a m'mafayilo a boma ndi amene anathandiza kutsimikiza mayina ndi masiku.

Pali makalata ena a ana amene anasungidwa ndi dzanja lachikondi, ndipo kusiyana kwake kumamveka munthu akamawerenga. Mu 1942, boma la America litalamula kuti anthu pafupifupi 120,000 a mtundu wa Chijapani, ambiri mwa iwo nzika zobadwira m'dzikomo, atsekeredwe m'misasa, mayi Clara Breed, amene ankayang'anira mabuku a ana mulaibulale ya ku San Diego, anapita kusiteshoni ya sitima kukatsanzikana ndi ana amene ankabwereka mabuku kwa iwo. Anawagawira makhadi a papositi omata kale masitampa, olembedwa kale keyala yawo, n'kuwauza kuti azilemba. Anawo analemba makalata oposa 250, poyamba kuchokera ku Santa Anita kumene mabanja ena ankagona m'makola a mahatchi, kenaka kuchokera ku Poston m'chipululu cha Arizona, ndipo mmenemo muli fumbi, kutentha, mizere yodikira chakudya ndi kuthokoza chifukwa cha mabuku amene mayiwo ankatumiza. Mayi Breed anasunga makalatawa zaka pafupifupi 50 asanawapereke kwa mmodzi wa ana aja, ndipo lero ali ku Japanese American National Museum ku Los Angeles. Ana amenewa analemba momasuka chifukwa ankadziwa kuti wowerenga ali kumbali yawo.

Khadi lina la mwana wasukulu linafika ndithu, koma linafika mochedwa. Pa 21 Juni 1964 Andrew Goodman, mnyamata wa zaka 20 wophunzira pa Queens College ku New York, amene anapita ku Mississippi kukathandiza anthu akuda kulembetsa m'kaundula wa mavoti, analembera makolo ake kuti wafika bwino ku Meridian, kuti tauniyo ndi yabwino, nyengo ili bwino ndipo anthu awalandira bwino. Usiku wa tsiku lomwelo iye pamodzi ndi James Chaney ndi Michael Schwerner anaphedwa ndi a Ku Klux Klan, gulu la azungu odana ndi anthu akuda, mothandizidwa ndi wapolisi wa m'deralo, ndipo mitembo yawo inapezeka pa 4 Ogasiti itakwiriridwa m'khoma la damu ladothi. Wolemba mbiri amene angatenge khadi limeneli ngati umboni wa mmene Mississippi inalili angasokere kutali. Khadilo ndi umboni wa mwana amene sankafuna kuti mayi ake agone ndi nkhawa.

Wina atha kunditsutsa kuti kuwerenga kalata ya mwini ndi mwano, ndipo mwambo wathu umamuvomereza, chifukwa tonse tinaleredwa kuti envulopu ya munthu wina siitsegulidwa ndipo za m'nyumba sizituluka pabwalo. Mayi Abigail anapempha kuti makalata awo atenthedwe, mayi Harriet Newby sanalembere boma la Virginia, ndipo bambo Rice sanaganizepo kuti mawu awo kwa ana awo adzawerengedwa ndi alendo a kutsidya kwa nyanja. Chitsutso chimenechi ndimachiona kuti ndi cholemera, ndipo sindigwirizana ndi amene amati munthu akafa chinsinsi chake chafanso. Koma ndikayeza mbali zonse ziwiri, ndimapeza kuti kutseka makalatawa kungapweteke kwambiri anthu omwe tikuti tikuwalemekezawo. A Washington ndi a Jefferson sangasowe owalankhulira, pakuti nkhope zawo zili pandalama ndiponso zinasemedwa paphiri. Koma tikachotsa kalata ya mayi Perkins, chotsala chokhudza anthu ngati iwo ndi mabuku a eni akapolo, mmene munthu amalembedwa dzina limodzi ndi mtengo wake pambali, ndiponso zolemba za akatswiri amene ankati akapolo sankamva kuwawa kwa kulekana ndi ana awo monga amamvera azungu. Ulemu umene tingapereke ndi wa kawerengedwe, kuti tisadule kalata n'kutengamo chiganizo chimodzi chotikomera, tisakonze kalembedwe kawo kuti aoneke ophunzira kapena kukasiya dala kuti aoneke mbuli, ndipo tinene poyera njira imene pepalalo linadzera kuti lifike kwa ife.

Chitsutso china n'chakuti makalata ochepa chonchi sangaimire anthu mamiliyoni, ndipo n'zoona kuti amene ankatha kulemba anali ochepa kwambiri. Koma nkhondo itatha mu 1865 kunaoneka kuti zimene ochepawo analemba zinali m'mitima ya ambiri. Nyuzipepala za mipingo ya anthu akuda, monga Christian Recorder ya ku Philadelphia ndi Southwestern Christian Advocate ya ku New Orleans, zinadzaza ndi timakalata ta anthu ofunafuna mayi, mwana kapena mlongo amene anagulitsidwa zaka makumi angapo zapitazo, totchula dzina la mbuye wakale ndi malo amene anaonana komaliza, ndipo abusa ankatiwerenga paguwa Lamulungu kuti mwina wina mumpingo angazindikire dzina. Timakalata timeneti tinapitirira kutuluka mpaka kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900. Kuyambira mu 1976 akatswiri a mbiri a pa yunivesite ya Maryland akhala akufufuza m'mafayilo a asilikali ndi a maofesi a boma ku National Archives, kutola makalata ngati a bambo Rice ndi mayi Davis pakati pa milu ya madandaulo ndi malipoti, ndipo ntchito imeneyi yasintha kafotokozedwe ka mmene ukapolo unathera, chifukwa yaonetsa akapolo eni ake akuthawa, akulowa usilikali, akukakamiza boma ndi mafunso awo. Ndalama ndi nthawi zimene zimapita ku ntchito yotere ndimaziona kuti n'zoyenera mofanana ndi zimene zimapita ku mapepala a atsogoleri, mwinanso kuposa, pakuti mapepala a atsogoleri anali ndi owalondera kuyambira pachiyambi.

Ukapolo ku Missouri unathetsedwa mu Januwale 1865, patangopita miyezi inayi bambo Rice atalemba makalata awo aja. Banja lawo linakumananso ku St. Louis, ndipo iwo pambuyo pake anakhala m'busa wa mpingo wa African Methodist Episcopal, akutumikira m'madera a kumadzulo kwa dzikolo mpaka anamwalira mu 1907. Mu 1937 boma la America linatuma alembi kukacheza ndi nkhalamba zimene zinabadwira paukapolo, ndipo ku St. Louis mlembi wina anapeza gogo wa zaka za m'ma 80, dzina lawo a Mary Bell. Gogowa anafotokoza za bambo awo amene paukapolo ankangotchedwa Spot, za kukwapulidwa kwawo ndi kuthawa kwawo kukalowa usilikali, ndipo anaonetsetsa kuti mlembiyo walemba dzina lawo lonse. Anati bambo awo, mlongo wawo, amuna awo ndi mwana wawo onse anali asilikali, ndipo iwo amakonda munthu womenyera ufulu wake. Nthawi imene ankalankhula zimenezi, kalata yoyamba ndi mawu akuti ana anga, imene bambo awo anawalembera ali mtsikana wamng'ono ku Glasgow, inali m'fayilo ya asilikali, itamangidwa pamodzi ndi dandaulo la a Diggs.